Mpendadzuwa: Nzeru za Agogo Zomwe Mliri Unalephera Kukwirira

Mukamayenda m'maboma a Mchinji, Kasungu kapena Phalombe m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, mumaona minda yachikasu ya mpendadzuwa m'mbali mwa msewu. Ambiri a ife timaidziwa mbewuyi ngati yogulitsa kwa mavenda ndi kumakampani oyenga mafuta ophikira basi. Ena timangoti ndi chakudya cha nkhuku ndi mbalame. Koma kodi mukudziwa kuti kwawo kwa mpendadzuwa ndi ku North America, kumene mpaka lero umamera wokha m'tchire ngati mmene chisoso chimamerera kwathu kuno? Nanga mukudziwa kuti eni dziko akumeneko akhala akudya njere zake kwa zaka zoposa 4,000?

M'nkhani ino tikutengerani kumeneko. Tiona mmene duwa lakutchire linasandukira chakudya, komanso mmene mtsikana wina wamasiye, yemwe mayi ake anamwalira pa mliri, anasungira nzeru za kalimidwe ndi kaphikidwe kake. Nkhani yake ili ndi phunziro kwa ife achinyamata a m'makalabu, ife amene tabadwira ndi kukulira m'nthawi ya Edzi.

Duwa lakutchire

Mpendadzuwa wakutchire ndi wosiyana ndi umene timauona m'minda. Umakhala ndi nthambi zambiri ndipo nthambi iliyonse imabala kamutu kakang'ono. Njere zake ndi zazing'ono ndipo zikakhwima zimayoyoka zokha. Umamera m'mbali mwa misewu, m'magombe a mitsinje ndi m'zigwa zikuluzikulu za pakati pa dziko la United States. Ku Kansas ndi wochuluka kwambiri moti mu 1903 anausankha kukhala duwa loimira dera lawo.

Mitundu ya eni dziko a chakumadzulo, monga a Paiute, a Shoshone ndi a Apache, inkakolola njere zakutchirezi. Amayi ankagwedezera timitu touma m'madengu, n'kukazinga njerezo, kuzipera ndi kuphikira phala kapena timikate.

Anthu a chakum'mawa ndi amene anayamba kuudzala. Chaka ndi chaka ankasunga njere za mitu ikuluikulu n'kudzazidzala, mpaka panatuluka mpendadzuwa wa phesi limodzi, mutu umodzi waukulu ndi njere zonenepa zosayoyoka. Akatswiri ofukula zakale anapeza njere zoterezi ku Tennessee, ndipo ataziyeza anaona kuti zatha zaka zoposa 4,000. Nthawi imeneyo n'kuti chimanga chisanafike m'derali. Anthu a Hopi a ku Arizona nawo ali ndi mtundu wawo wa njere zakuda zomwe amapangira utoto wonyikira madengu.

Choncho mutu waukulu umene timakolola lero ndi ntchito ya mibadwo yambirimbiri ya alimi, ambiri mwa iwo amayi, amene ankasankha mbewu n'kuphunzitsa ana awo. Mbadwo umodzi wokha ukanaleka, ntchito yonseyo ikanatayika. Ku mtsinje wa Missouri zimenezi zinatsala pang'ono kuchitika.

Mliri wa 1837

M'mphepete mwa mtsinje wa Missouri, m'dera lomwe lero limatchedwa North Dakota, munkakhala mitundu itatu ya alimi: a Mandan, a Hidatsa ndi a Arikara. Ankalima chimanga, nyemba, maungu ndi mpendadzuwa. Minda ndi nyumba zinali za amayi, ndipo pakati pa a Mandan ndi a Hidatsa mwana ankatengera mtundu wa mayi ake, monga zilili m'madera ambiri kwathu kuno.

Mu Juni 1837 sitima yapamadzi yotchedwa St. Peter's, ya anthu ochita malonda a zikopa, inafika m'derali muli anthu odwala nthomba. Matendawa anafala ngati moto wolusa. A Mandan, omwe analipo opitirira 1,500, anatsala osakwana 200. A Hidatsa ndi a Arikara nawonso anafa ambiri zedi. Midzi inasanduka mabwinja, minda inakhala yopanda woilima, ana amasiye anali paliponse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti katemera wa nthomba analipo kale. Dokotala wa ku England, Edward Jenner, anamupeza mu 1796, ndipo mu 1832 boma la United States linakhazikitsa lamulo lopereka katemerayu kwa eni dziko. Koma midzi ya kumtunda kwa Missouri inasiyidwa pa ndondomekoyo. Anthu anafa chitetezo chilipo, chifukwa sichinawafikire.

Opulumuka anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1845 a Hidatsa ndi a Mandan anamanga mudzi umodzi pamalo pomwe mtsinje umakhota ngati mbedza, ndipo mudziwo umadziwika ndi dzina loti Like-a-Fishhook. A Arikara anadzawapeza mu 1862. Mbewu zomwe amayi anapulumutsa zinadzalidwanso kumeneko.

Mtsikana wamasiye

Cha m'ma 1839, mliri utangodutsa, kunabadwa mtsikana wa mtundu wa Hidatsa dzina lake Maxidiwiac, yemwe m'mabuku a Chingerezi amadziwika kuti Buffalo Bird Woman. Ali ndi zaka 6 nthomba inabweranso n'kutenga mayi ake pamodzi ndi abale ena. Mwanayo sanatayidwe. Anamulera ndi abale a mayi ake, omwe pachikhalidwe chawo anali amayi akenso, pamodzi ndi agogo ake otchedwa Turtle.

Agogowa anali mmodzi wa anthu otsiriza kulima ndi khasu la fupa la phewa la njati zakumeneko, pamene ena anali atayamba kale makasu achitsulo. Mtsikanayo ankapita nawo kumunda. Anaphunzira kuswa mphanje, kusankha mbewu, kuyanika maungu ndi kusunga chakudya m'maenje kuti chifike nyengo yachisanu. Atasinkhuka ankakhala pansanja ndi atsikana anzake kuingitsa mbalame m'munda, akuimba nyimbo.

Atakalamba, m'busa wina wofufuza za chikhalidwe, Gilbert Wilson, ankabwera kudzacheza ndi banja lake kuyambira mu 1906. Mayiyu anamufotokozera zonse za ulimi wa makolo ake, mwana wake Edward Goodbird akumasulira. Mu 1917 nkhanizo zinatuluka m'buku lomwe linasindikizidwanso mu 1987 ndi mutu wakuti Buffalo Bird Woman's Garden. Mayiyu anamwalira mu 1932.

Mavuto a anthuwa sanathere pomwepo. M'zaka za m'ma 1950 boma linamanga damu la Garrison, ndipo madzi ake anamiza maekala oposa 150,000 a malo awo, kuphatikizapo minda yachonde ya m'mphepete mwa mtsinje ndi bwinja la mudzi uja. Koma nzeru za agogo Turtle sizinamire. Lero zidzukulu za mitundu itatuyi zikudzalanso mbewu za makolo, ndipo buku lija ndi limodzi mwa zinthu zomwe zimawatsogolera.

Ankalima ndi kuphika bwanji?

Malinga ndi zomwe Maxidiwiac anafotokoza, mpendadzuwa ndiwo unkayamba kudzalidwa pa mbewu zonse, madzi oundana a mumtsinje akangoyamba kusungunuka cha mu Epulo. Mwezi umenewo ankautchula ndi dzina la kudzala mpendadzuwa. Ankaudzala m'malire mwa munda, njere zitatu paphando, kuzungulira chimanga ndi nyemba. Anali ndi njere zakuda, zoyera, zofiira ndi zamizeremizere.

Mitu ikakhwima ankaidula n'kuiyanika padenga la nyumba, kenako n'kuimenya ndi ndodo kuti njere zituluke. Njerezo ankazikazinga mumphika wadothi n'kuzisinja mumtondo, monga momwe amayi athu amasinjira mtedza. Chakudya chawo chapamwamba chinali chosakaniza zinthu zinayi: nyemba, maungu ouma, ufa wa chimanga chokazinga ndi nsinjiro za mpendadzuwa.

Nsinjirozo ankaziumbanso timibulu. Mwamuna akamapita kuulendo wautali ankatenga kambulu kamodzi m'thumba. Akatopa kapena tulo tikamugwira ankaluma pang'ono, mphamvu n'kubwerera. Kanali kamba wapaulendo wopepuka kunyamula koma wogwira m'mimba.

Ulendo wozungulira dziko

Anthu a ku Spain anatengera mpendadzuwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa nthawi yaitali unali duwa lokongoletsera pakhomo. Anthu a ku Russia ndi amene anausandutsa mbewu yamafuta. Mu 1829 mlimi wina, Daniil Bokarev, anayamba kufinya mafuta m'njerezi. Pambuyo pake katswiri wa mbewu Vasily Pustovoit, yemwe ankagwira ntchito ku Krasnodar, anatulutsa mitundu yomwe pafupifupi theka la njere ndi mafuta. Mitundu yambiri yamafuta imene ikulimidwa masiku ano inachokera ku ntchito imeneyi. Mpaka pano Russia ndi Ukraine ndiwo amatsogola pa mafuta a mpendadzuwa, n'chifukwa chake nkhondo itabuka pakati pawo mu 2022 mitengo ya mafuta ophikira inakwera m'maiko ambiri.

Dzina lathu loti mpendadzuwa silinaphonye. Mbewuyi ikakhala yanthete imatsatira dzuwa kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, usiku n'kubwereranso. Ikakula imaima itayang'ana kum'mawa. Mu 2016 akatswiri a pa University of California ku Davis anaonetsa kuti mutu woyang'ana kum'mawa umafunda msanga m'mamawa, ndipo njuchi zimaukonda kwambiri. Njuchizo ndi zimene zimathandiza kuti njere zikhale ndi kanthu m'kati.

Kodi m'njeremo muli chiyani?

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza ntchito ya makalabu athu. Mu magalamu 100 a njere zosenda muli makalori pafupifupi 580, pamene ufa wa chimanga wolemera chimodzimodzi uli ndi pafupifupi 360. Mulinso magalamu pafupifupi 20 a zomanga thupi ndi magalamu 50 a mafuta, komanso vitamini E wambiri, ayironi ndi zinki. Pa magulu 6 a zakudya omwe timaphunzitsidwa kusikelo ndi kusukulu, mpendadzuwa uli m'gulu la zamafuta, lomwe mabanja ambiri akumudzi amalipeza movutikira chifukwa mafuta am'botolo ndi okwera mtengo.

Thupi la munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV limafuna chakudya chochulukirapo. Mu 2003 akatswiri a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ananena kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachirombo koma sakudwala amafunika mphamvu zochokera ku chakudya zoonjezera ndi 10 pa 100 alionse, ndipo akayamba kudwaladwala zimafunika kuonjezera ndi 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Vuto ndi lakuti wodwala nthawi zambiri safuna kudya, ndipo mbale yaikulu ya nsima imamutopetsa asanaiyambe n'komwe. Masipuni awiri a nsinjiro za mpendadzuwa m'phala amaonjezera mphamvu popanda kuchulutsa chakudya m'mbale. Kwa wachinyamata amene akukula, akupita kusukulu komanso akumwa ma ARV, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Sankhani njere zouma bwino, zopanda chuku. Zikazingeni m'phale pamoto wochepa mpaka zitayamba kununkhira. Zikazizira zisinjeni pang'onopang'ono kuti makoko asweke, petani ndi lichero, kenako sinjaninso n'kusefa. Mitundu ya njere zikuluzikulu zamizeremizere ndi yosavuta kusenda kuposa yakuda yamafuta. Nsinjirozo mukhoza kutendera masamba monga nkhwani ndi bonongwe, kuthira m'phala, m'futali kapena m'chigumu. Sinjani zokwanira masiku ochepa chifukwa zikakhalitsa zimasintha fungo.

Pali zofunika kusamala. Njere zachuku zimakhala ndi poizoni woononga chiwindi, yemweyo amene amapezeka mumtedza ndi m'chimanga chosauma bwino, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Zoterozo tayani. Ana aang'ono musawapatse njere zathunthu chifukwa zingawatsamwe, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 azingoyamwa bere lokha. Amene ali ndi zilonda zam'kamwa adye nsinjiro zosefa bwino m'phala lofewa. Amene akutsegula m'mimba achepetse zamafuta kaye ndipo apite kuchipatala.

Chakudya si mankhwala a HIV

Tinene mosapsatira: mpendadzuwa suchiza HIV. Palibe duwa, muzu, tsamba kapena khungwa lomwe limachotsa kachiromboka m'thupi. Makolo athu akukumbukira mmene mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira m'boma la Machinga kukamwa mchape. Edzi sinathe, ndipo maliro anapitirira. Masiku ano mabodza otere akuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wina akakuuzani kuti musiye ma ARV n'kumamwa mankhwala ake azitsamba, dziwani kuti akufuna ndalama zanu ndipo moyo wanu alibe nawo ntchito.

Kumbukirani anthu a ku Missouri aja, amene anafa chifukwa katemera sanawafikire. Ife thandizo linatifikira. Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri mabanja ankangoyang'ana abale awo akufooka. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere. Mu 2011 dziko lino linakhala loyamba kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi kachirombo pa mankhwala a moyo wonse, pofuna kuteteza ana. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka tizirombo kuchepa moti sitikuonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake kachirombo pogonana.

Choncho ntchito zake ndi ziwiri zosiyana. Ma ARV amagonjetsa kachirombo kuti kasaswane. Chakudya chabwino chimamanga thupi kuti likhale ndi mphamvu zophunzirira ndi zogwirira ntchito. Njala ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu ena amadumphitsira mankhwala, ndipo ndi njala yomweyo imene imakankhira atsikana ena kwa zidyamakanda. Kalabu imene ikulima chakudya ikulimbana ndi Edzi ngati mmene ikuchitira ija yochita masewero ndi nyimbo.

Kalabu yanu ingachitepo chiyani?

Choyamba, pemphani malo kwa amfumu, kusukulu kapena kutchalitchi ndi kumzikiti. Sipafunika munda waukulu. Mukhoza kutengera a Hidatsa podzala mpendadzuwa m'malire mwa munda wa chimanga, nyemba ndi maungu. Mbewuyi imacha pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo muzu wake umalowa pansi kwambiri moti imapirira ng'amba. Alimi ambiri amaidzala akamaliza kudzala chimanga. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za nthawi yabwino yodzalira ndi mtundu woyenera. Afunseninso ngati mbewuyo ndi ya haibulidi, chifukwa ya haibulidi siyenera kubwerezedwa chaka chinacho. Mitu ikayamba kukhwima gawanani masiku oingitsa mbalame.

Chachiwiri, gwirizanani za zokolola musanadzale, kuti pasadzakhale mikangano. Gawo lina lipite kwa odwalika m'mudzi, kwa agogo amene akulera ana amasiye ndi kumabanja omwe akutsogoleredwa ndi ana. Gawo lina mugulitse kapena mukayengetse mafuta kuti kalabu ipeze ndalama zogulira makope ndi mpira. Zotsalira poyenga mafuta ndi chakudya chabwino cha nkhuku ndi nkhumba. Pogawa musaloze zala. Musalembe mndandanda wa anthu oti awa ndi a kachirombo, chifukwa kusalana kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Mwina mnzanu amene mukupalira naye mzere umodzi anabadwa nako ndipo amapita ku Teen Club kuchipatala osakuuzani. Zolankhula zanu kumunda zimupatse mtima woti tsiku lina adzamasuke.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, pitani kwa agogo. Edzi inatenga anthu ambiri a msinkhu wa makolo athu, omwe anayenera kulandira nzeru kwa agogo n'kutipatsira ife. M'mabanja ambiri mlatho umenewu unaduka. Ndani mwa inu amadziwa kufutsa masamba kuti adzadyedwe m'chilimwe? Ndani amadziwa kusankha mbewu ya mawere, mapira, nzama kapena khobwe n'kuisunga osafumbwa? Ndani amadziwa kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sadzakhala nafe mpaka kalekale. Gulani kope limodzi la kalabu. Mwezi uliwonse awiriawiri akacheze ndi gogo mmodzi, afunse, alembe, ndipo ngati n'kotheka apemphe mbewu pang'ono yoti ikadzalidwe m'munda wa kalabu. Amene ali ndi foni ajambule mawu, atapempha kaye chilolezo.

Maxidiwiac anali mwana wamasiye m'mudzi wa anthu opulumuka mliri. Akanasalidwa, kapena akananyoza khasu la fupa la agogo ake kuti n'lachikale, zidzukulu zake lero zikanasowa poyambira. M'kalabu yanu muli ana amasiye, muli ena amene ali ndi kachirombo, muli ena amene alibe. Nonsenu ndinu osunga mbewu a mudzi wanu. Kuti mudzafike popereka nzeruzo kwa zidzukulu zanu, muyenera kukhala ndi moyo: kayezetseni magazi, dziletseni kapena gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, ndipo ngati muli pa mankhwala imwani tsiku lililonse osadumphitsa.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi ndi zakudya ziti zomwe agogo anu ankadya koma lero zikusowa m'mudzi mwanu? Zinasowa chifukwa chiyani?

2. Maxidiwiac analeredwa ndi abale a mayi ake ndi agogo ake. Kodi ana amasiye a m'dera lanu akuleredwa ndi ndani, ndipo kalabu yanu ingawapeputse bwanji katundu olerawo?

3. Mungamuyankhe bwanji mnzanu amene wauzidwa kuti asiye ma ARV chifukwa wapeza mankhwala azitsamba?

4. Kodi mungagawe bwanji zokolola za kalabu kwa ovutika popanda kuwachititsa manyazi?

Mukakambirana, tilembereni zomwe mwagwirizana ndi zomwe agogo akuuzani. Makalata anu tidzawasindikiza patsamba la makalabu kuti anzanu a m'maboma ena aphunzirepo.